Ulendo wosaka mpando wa agogo

Ndine mphunzitsi wa History ndi Chichewa pa sekondale ina yoyendera kumapiri a ku Bembeke, m'boma la Dedza. Mwezi wa Juni chaka chatha ndinatha masiku awiri a Loweruka ndili pamsewu, kukwera kabaza, minibasi ndi matola, kusaka mpando umodzi wokha. Mpaka lero anzanga ena akandiona patali amayamba kuseka n'kumandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mpando uja munaupeza?" Ndiye ndati ndifotokoze pano mmene zinayendera, mwina aphunzitsi anzanga amene akuganiza zojambula akuluakulu a m'midzi yowazungulira angatolepo kanthu.

Nkhaniyi inayambira m'kalasi la Fomu 3. Tinkakambirana za amuna a dziko lino amene ankapita kukagwira ntchito kumigodi ya golide ku South Africa kudzera ku Wenela, dzina limene mpaka pano likadali pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Ndinalemba pabolodi kuti pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Ndinawonjezera kuti Dr Kamuzu Banda atamva za ngoziyo analetsa Wenela kulembanso anthu kuno, moti m'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi. Ana ankangokopera mwakachetechete, monga amachitira ndi chaka chilichonse chimene akuopa kuti chidzabwera pamayeso.

Kenaka mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja. Anati agogo ake aamuna anali ku Joni chaka chimenecho, ndipo mnzawo wa m'mudzi woyandikana nawo anali m'ndege yomweyo. Anatinso agogowo masiku ano akutsokomola kwambiri, nthawi zina amatha sabata osatuluka m'nyumba. M'kalasi munangoti zii. Tsiku lomwelo kalabu yathu ya History inagwirizana kuti tikawajambule agogowo pa kanema asanafookeretu, kuti mawu awo asungike. Tinamutuma mtsikanayo kukapempha chilolezo, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi yankho loti alola.

Kamera tinalibe. Mwamwayi, mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo tsopano amajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Lilongwe. Nditamuimbira foni anavomera kubwera tsiku limodzi osalipiritsa, bola timubwezere ya thiransipoti. Koma anandipatsa ntchito imene sindinkaiyembekezera. "Aphunzitsi, kamera ndi maikolofoni ndibwera nazo," anatero, "koma malo mukonze ndinu. Munthuyo akakhala pati? Nanga kumbuyo kwake kukaoneka chiyani?"

Anandiwerengera malamulo ake, ine n'kumawalemba kuseri kwa buku la masikimu. Mpando usalire munthu akasuntha, chifukwa maikolofoni imatola kaphokoso kamene khutu silikalabadira n'komwe. Usakhale wozungulira kapena wogwedera, popeza munthu akamaganiza amayamba kudzigwedeza osadziwa. Usakhale wakuya womeza munthu, ndipo chotsamira chake chisapitirire mapewa, apo ayi chimaoneka ngati chamera pamutu. Wofunsidwayo atalikire khoma pafupifupi mamita awiri kuti chithunzithunzi chake chisagwere pakhomapo. Nsalu ya timizere ting'onoting'ono ayi, imanjenjemera pa kanema. Zonyezimira ayi. Kuwala kuchokere chakumbali kwa nkhope, chifukwa kukachokera kumbuyo munthu amangooneka chimdima. Pomaliza anati, "Mupezenso zinthu za kumudzi, monga mtondo, lichero ndi chipanda. Oonera amakonda zimenezo."

Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinali ndi chithunzi china. Ine ndinkafuna agogo aoneke ngati anthu amene timawaona pa TV akufunsidwa mafunso: atakhala pa sofa, katebulo ka maluwa pambali, mabuku atandandalikidwa kumbuyo. Ndinkati munthu amene anatsikira pansi pa nthaka kukakumba golide asaoneke ngati wopempha chithandizo. Choncho tonse awiri tinali titawakonzera kale agogo malo okhala, chonsecho panalibe mmodzi wa ife amene anali atapondapo pakhomo pawo.

Ndinayamba kufunafuna pasukulu pomwepo. M'makalasi muli madesiki okhala ana atatu, benchi lake lomatirira ku tebulo. Mu sitafu muli mipando yapulasitiki imene imalira ngati mbewa ukangopumira m'mwamba. Mpando wa ahedi ndi wozungulira, ndipo tayala lake limodzi linathothoka kalekale, amachita kutchinjiriza ndi njerwa. Ana a kalabu anasonkha kangachepe, aphunzitsi anzanga anaponyapo, ndipo zonse zinakwana K70,000. Ndinaziika m'thumba la mkati mwa jekete n'kuyamba ulendo.

Loweruka loyamba ndinalowera ku boma. Amene sanagonepo ku Bembeke mwezi wa Juni chisanu amangochimva kutchulidwa. Ndinakwera kabaza nkhungu itakuta mapiri onse, ndipo pofika pa mphambano ya msewu wa M1 zala zinali zitauma gwa. Pamenepo amayi anali atayala kale mbatata ya kachewere m'zidebe, kabichi, karoti ndi anyezi, atadzifunditsa zitenje ziwiriziwiri, ena akuothera kamoto ka zitsononkho. Minibasi inanditula m'tauni ya Dedza dzuwa likungoyamba kulasa phiri lija la mamita 2,198, limene mthunzi wake umachedwa kuchoka m'misewu ya boma.

Dedza ndi dziko la paini. Ukadutsa pomwe pali akalipentala fungo la utomoni limakulonjera kutali, ndipo mabedi, zitseko, makabati ndi mabokosi a maliro zimakhala zitaimikidwa panja mzere umodzi. Ndinayamba kulawa mipando umodziumodzi. Ndinkakhalapo, kudzigwedeza kumanja ndi kumanzere, kutsamira, kuwerama, khutu nditalipendeka pansi. Umodzi unkati kwee, wina tseketseke. Anyamata opala matabwa anasiya ntchito n'kumandiyang'anitsitsa. Pomaliza mmisiri wamkulu, pensulo ili kuseri kwa khutu, anandiyandikira nati, "Bambo, kodi mukufuna mpando kapena wailesi?"

Nditamufotokozera anaseka, kenaka anandiphunzitsa zimene sindinkadziwa. Anati paini ndi wopepuka ndi wofewa, n'chifukwa chake ndi wotsika mtengo, koma amacheka akadali wauwisi ndipo akauma molumikizira mumakhwepa, mpando n'kuyamba kuyankhula. Mpando wosalira umafuna mtengo wolimba ngati mlombwa kapena mbawa, wouma bwino, wolumikiza ndi mphako ndi guluu osati misomali yokha. Koma mitengo imeneyi ikusowa, ndipo thabwa limodzi likhoza kudya theka la ndalama zimene ndinali nazo. Nditafunsa za sofa imene inali pakhomo itakutidwa ndi pulasitiki, mtengo wake unaposa malipiro anga a mwezi. Ndinayesa kunyengerera kuti andibwereke tsiku limodzi ndilipire. Anapukusa mutu. "Sofa ikangokhalidwa kamodzi yasanduka kaunjika, aphunzitsi."

Kukaunjika komweko ndi kumene ndinapeza chinthu choyamba. Mayi wina mumsika anali ndi mulu wa makatani. Ndinkatenga limodzilimodzi n'kuliyang'ana kudzera pa kamera ya foni yanga. Zoonadi, la timizere linkachita mafunde ngati madzi a padziwe, pomwe m'manja linali bata. Mayiyo anapempha kuti aone nawo, ataona anaitana anzake, ndipo posakhalitsa ndinali pakati pa gulu la amayi akudabwa ndi nsalu zawo zomwe. Ndinasankha katani lokhuthala la mtundu wa dothi lakatondo, lopanda maluwa. Anandichotserako pang'ono chifukwa cha chionetsero chija.

Ndisanabwerere ndinadzera ku Dedza Pottery, kumene akhala akuumba makapu, mbale ndi miphika ya maluwa kuchokera mu 1987. Ndinkaganiza zopeza kamphika koika patebulo. Zinthu za kumeneko ndi zokongola moti umaopa kupuma pafupi nazo, koma kusalala kwake kowala kunandikumbutsa lamulo lija la zonyezimira, ndipo thumba langa nalo linandinong'oneza. Ndinamwa tiyi n'kutuluka. Madzulo amenewo ndinakagwada kunyumba kwa ahedi kupempha sofa yawo ya munthu mmodzi. Ahedi analoza mayi a kunyumba. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali asanati, "Ibwere mmene yapitira."

Sofa ndinaipeza, koma mnyamata wa ku Lilongwe atamva anakana kuti ndi yakuya. Anati ndiyese kunsi kwa phiri, ku Golomoti, kumene amaluka mipando ndi mikeka. Ndiye Loweruka lachiwiri ndinalawirira kulowera kummwera. Kuchoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu msewu wa M1 umatsata malire, moti malo ambiri ukayang'ana kuzambwe minda ndi nyumba ukuzionazo ndi za ku Mozambique. Ndinatsika pa Masasa n'kukwera matola olowera kummawa, mumsewu umene anthu amautcha Khwekhwelere.

Msewu umenewu ndimalakalaka mwana aliyense wa Geography atautsikako kamodzi. Umakhotakhota ngati njoka pathanthwe, uku phiri uku phompho, ndipo pa kona iliyonse chigwa chimatseguka pansi pako mpaka maso akafike pa nyanja imene imaoneka ngati utsi. Pamwamba tinanyamuka titavala majekete. Pakati pa chitunda ndinavula jekete, ndipo tisanafike pansi ndinali nditavulanso juzi. Paini ndi bulugama zinatsala m'mwamba, m'munsi munayamba kuoneka malambe ndi migwalangwa. Makutu anatseka kawiri. Zonsezi zinachitika ola limodzi lisanakwane.

M'mbali mwa msewuwo muli anyamata osema tizidole ta mitengo: magalimoto a Land Rover okhala ndi zitseko zotseguka, njinga za unyolo wozungulira, mathirakitala ndi ndege. Dalaivala ataima kuti mabuleki azizire, ndinatsika kukaona. Ndinapeza kandege kotalika ngati mkono wanga, kokhala ndi zopukusa zinayi m'mapiko. Ndinakumbukira kuti ndege ya ku Francistown ija inali DC-4, ya mainjini anayi. Mtima unadumpha. Ndinati kameneka tikakaika patebulo pambali pa agogo, aliyense woonera adzadziwa nkhani asanaimve. Ndinagula osanenerera n'komwe.

Golomoti ndi kotentha ngakhale mu Juni. Pamenepa msewu wathu umakumana ndi wa M5 wochokera ku Salima, njanji ya sitima imadutsa pomwepo, ndipo chapafupi pali munda wa magalasi a magetsi a dzuwa wa mamegawati 20 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Ife a kumapiri timagona pa mphasa za bango, koma kuno mlaza ndi wambiri ndipo amaluka mikeka, madengu ndi zipewa. Ndinayesa zonse ziwiri ndi phazi. Mphasa imathetheka ukaiponda, mkeka umangokhala duu. Ndinagula mkeka. Mipando yoluka nayo inalipo, yopepuka yoti n'kunyamula ndi dzanja limodzi, koma yonse inkanong'ona ukakhalapo. Ndinasankha umene unkanong'ona pang'ono kuposa inzake, ndinalipira, n'kuusungitsa kwa mwini wake kuti ndiyambe ndafika ku Mua.

Ku Mua ndinali ndisanafikeko chibadwire, ngakhale ndimaphunzitsa kuti mishoni ya kumeneko inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902. Pamalopo pali KuNgoni, imene Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa mu 1976, ndi nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndinalowa m'chipinda cha zigoba za Gule Wamkulu ndipo ndinatulukamo nditaiwala kaye chimene ndinabwerera. Kunja, pansi pa mitengo, amisiri ankasema. Ndinaonako mipando ija ya matabwa awiri olowetsana imene alendo amaikonda, chotsamira chake chitalembedwa njovu ndi anthu ovina. Ndinakhalapo. Siinalire ngakhale pang'ono, koma imakugoneka chagada maso n'kuloza kumitambo, ndipo chotsamiracho chimapitirira mutu.

Mmisiri wina wachikulire amene ankanola sompho anandifunsa chimene ndinkafuna. Ndinamufotokozera zonse, za agogo, za Wenela, za malamulo a kamera. Anamvetsera osadukiza, kenaka anati, "Nanga amene akakhalepoyo mwawafunsa?" Ndinati ayi, tikufuna tikawadzidzimutse ndi zabwino. Anaseka pang'ono nati, "Mwana wanga, mpando uli ngati nsapato. Msana wa munthu wamkulu umadziwa kale pamene umatsamira." Ndinavomera ndi mutu mwaulemu, koma mumtima ndinati awa ndi mawu a munthu amene sanagwirepo kamera.

Pobwerera matola anali odzaza ndi matumba a mpunga ndi madengu a nsomba. Malo a mpando wanga panalibe, ndiye kondakitala anauimika pamwamba pa matumba nati ndikhalepo ine ndemwe. Ndinakwera Khwekhwelere yense nditakhala pampando woluka pamwamba pa lole, mkeka uli pamiyendo, kandege kali m'manja, ana a m'mbali mwa msewu akukuwa kuti, "Amfumu! Amfumu!" Pofika pa Masasa ndinali ndikunjenjemera ndi chisanu, m'thumba mutatsala K6,000.

Tsiku lojambula linali Loweruka lachitatu. Tinabwereka ngolo n'kupakiramo sofa ya ahedi, mpando wa ku Golomoti, katani, mkeka, katebulo, maluwa apulasitiki a kutchalitchi, mabuku khumi akuluakulu a mu laibulale, mtondo ndi munsi wake, lichero ndi chipanda. Anthu a m'njira ankafunsa ngati ahedi asamutsidwa. Potsetsereka pa kamtsinje kena ng'ombe zinathamanga, sofa inatsetsereka n'kukodwa pa msomali wa ngolo. Ndinamva nsalu ikuti kwee. Kumbuyo kwake kunang'ambika malo otalika ngati dzanja langa. Mawu a mayi a ahedi anandibwerera m'makutu, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti kumbuyo kamera siona.

Nyumba ya agogo ndi yanjerwa zootcha, ya malata ofiira ndi dzimbiri, khonde lake loyang'ana kummawa. Tinapeza agogo aakazi akusesa pabwalo, anatilonjera n'kutiuza kuti bambo akuvala. Tinayamba kukonza pakhondepo. Ine ndinaika sofa, katebulo, maluwa ndi kandege, mabuku n'kuwasanja pawindo. Mnyamata wa ku Lilongwe anasuntha sofayo, naika mpando woluka, mtondo kumanja, lichero atalitsamiritsa pakhoma. Ndinabwezeretsa sofa. Anaichotsanso. Tinayamba kukangana motsitsa mawu, mphunzitsi ndi mwana wake wa sukulu, ana a kalabu akutiyang'ana ngati akuonera mpira.

Kenaka chitseko chinatseguka. Agogo anatuluka atavala jekete yakuda, tayi, chipewa cha mlomo ndi nsapato zopolisha, atagwirizira ndodo. Anaima n'kuyang'ana katundu yense uja mmodzimmodzi. "Aphunzitsi," anatero, "kodi pakhomo panga pali ukwati?"

Ndinawapempha kuti ayese sofa. Anakhalapo mwaulemu, ndipo inawameza. Mawondo anakwera kufika pachifuwa, chifuwa chinabanika, anayamba kutsokomola kosalekeza mpaka anyamata awiri anachita kuwadzutsa. Pampando wa ku Golomoti anakhalapo kanthawi nati ukuwabaya m'ntchafu. Kenaka analoza mtondo ndi ndodo yawo. "Uwu ukutani pano? Ine ndinasinjapo liti? Mukufuna adzukulu anga a ku Lilongwe azidzati agogo ankakonola chimanga?" Mnyamata uja anayang'ana pansi. Ine ndinayamba kumwetulira, koma ndodo inatembenukira pawindo. "Nanga mabuku awa ndi a yani? Ine ndinalekezera Sitandade 2. Anthu a m'mudzi muno akadzaona adzati mkuluyu wakalamba ndi bodza."

Pomaliza maso awo anagwera pa kandege. Anakayang'ana nthawi yaitali osakakhudza. Agogo aakazi anasiya kusesa. Kenaka agogo ananena motsitsa mawu kuti, "Ichi chotsani." Mdzukulu wawo uja anakatenga mwachangu n'kukakabisa m'ngolo. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chiyambire uphunzitsi. Kwa ine ngozi ija inali tsiku lolemba pabolodi ndi funso la mamalikesi awiri. Ndinali nditanyamula maliro a mnzawo m'manja ngati chidole, n'kukawaikira patebulo pambali pa maluwa apulasitiki. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo ndinalidya ana a sukulu akuona.

Agogo sanakwiye. Anamutuma mdzukulu wawo kuti akatenge mpando wawo ndi bokosi. Mpandowo unali wa ndalema, matabwa ake akuda ndi kugwiridwa, chinsalu chake atasokerera chiguduli pakati. Anati anaukhomesa atangobwera ku Joni komaliza, ndipo nsalu asinthapo katatu koma matabwa ndi omwewo. Atakhalapo chifuwa chinatseguka, mapewa anagwa, ndipo nkhope inasintha. Bokosilo linali lachitsulo, lobiriwira, loko wake waukulu ngati chibakera. Munali chisoti cholimba cha kumgodi chong'aluka pambali, kachiphaso kokhala ndi nambala yawo ya ntchito, bulangete lolemera la mizere ikuluikulu, ndi chithunzi chimene anajambulitsa ku Johannesburg ali mnyamata, atavala chipewa chomwecho chinali pamutu pawo.

Ndalema inaswa malamulo awiri: inali yotsika, komanso inkalira. Apa mnyamata wa ku Lilongwe anaonetsa kuti ntchito yake amaidziwa. Anapempha kandulo n'kupaka phula lake molumikizira monse, kulira kuja kunatsala pang'ono chabe. Kenaka anafupikitsa miyendo ya kamera mpaka diso lake linafanana ndi maso a agogo, iye n'kugwada kumbuyo kwake. Ana ofunsa mafunso anakhala pansi, monga mmene mwana amakhalira pamaso pa wamkulu. Tinasunthira mpandowo kutsogolo kuti utalikire khoma, bokosi tinaliika chotsegula kumanzere kwawo, bulangete anadzifunditsa m'miyendo chifukwa kunkazizira. Katani langa la kukaunjika silinaoneke pa kanema. Tinalimangirira kumapeto kwa khonde kuti litchinge mphepo imene inkawomba mu maikolofoni.

Tili pafupi kuyamba, agogo aakazi anabwera ndi khasu lawo lotha mpaka kutsala ngati chikhatho. Anatenga mkeka wa ku Golomoti, anauyala pambali pa ndalema n'kukhalapo. "Awa anali ku Joni zaka zisanu," anatero. "Amene ankalima kuno, kulera ana ndi kufolera nyumba anali ndani? Kapena kamera yanuyo imajambula amuna okha?" Palibe anali ataganizako zimenezo, ngakhale atsikana a m'kalabu. Tinakulitsa chithunzi kuti onse awiri akwanemo. Pa katundu yense amene ndinayendera mitunda kukasaka, mkeka wokhawo ndi umene unalowa mu kanema.

Anayankhula maola awiri, tikupumira akatsokomola komanso chigayo cha kutsidya chikalira. Agogo anafotokoza mmene ankawayezera thupi asanawalembe, ulendo wa pandege mpaka ku Francistown ndi wa pasitima mpaka ku Johannesburg, chikepe chotsika nawo pansi mumdima, kutentha kwa kumeneko, fumbi la miyala limene amati ndi limene lili m'chifuwa mwawo lero, ndi chiyankhulo cha Fanakalo chimene ankalamulidwa nacho. Anati gawo lina la malipiro ankadzalandirira kuno akamaliza kontirakiti, ndipo malata a nyumbayo anachokera pamenepo. Agogo aakazi anasimba za makalata amene ankapita nawo kwa mphunzitsi kuti awawerengere, ndi mmene ankachitira manyazi mphunzitsiyo akafika pa mawu achikondi.

Za ndege palibe anawafunsa. Tinali titagwirizana ndi maso kuti tisayerekeze. Chakumapeto, iwo okha anatenga chisoti chija n'kuchiika pamwendo. Anati mnzawo anamaliza kontirakiti patsogolo pawo, ndipo anamupatsira kalata ndi nsalu ziwiri zoti akapereke kwa mkazi wawo. "Nsaluzo sizinafike," anatero agogo aakazi. Kenaka onse awiri anakhala chete. Mu kanema chetecho n'chotalika pafupifupi mphindi yathunthu, ndipo pakati pake ndalema imalira kamodzi agogo akusuntha. Pokonza, mnyamata uja anandiimbira kufunsa ngati achotse kaphokosoko. Ndinamuuza kuti akasiye.

Zotsala zake ndi izi. Sofa ya ahedi ndinakasoketsa ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo mayi a kunyumba kwawo anayambiranso kundiyankha moni patatha mwezi. Mpando wa ku Golomoti uli mu sitafu, amalimbirana aphunzitsi nthawi ya buleki. Kandege kali m'kabati yanga. Ndimakatulutsa ndikamaphunzitsa mutu umenewu, koma ndimayamba ndawaonetsa ana kanemayo, ndipo ndimawauzanso zimene ndinachita nako. Agogo anaonera kanema wawo pa laputopu ya sukulu ali pa ndalema yomweyo. Anangodandaula kuti tayi inapendekeka ndipo palibe anawauza. Masiku ano mawu awo sakutulukanso bwino, sangathe kuyankhula maola awiri ngati tsiku lija.

Kwa aphunzitsi anzanga ndi achinyamata amene muli ndi makamera kapena mafoni abwino, m'midzi mwathu mukadali anthu amene anapita ku Wenela ndi ku Theba, amene anaona ufulu wa 1964, amene anavota pa riferendamu ya 1993, ndipo akutha mmodzimmodzi. Ajambuleni msanga. Malamulo a mnyamata uja ndi oona ndipo muwasunge: mpando usalire, kuwala kuchokere kumbali, munthu atalikire khoma, timizere ndi zonyezimira zikhale kutali. Koma musanawononge ndalama ya ana pa thiransipoti, pitani kaye pakhomopo opanda kamera. Khalani pansi, onani pamene mwini wake amakhala dzuwa likamatuluka, mufunse chimene akufuna kuvala, chimene akufuna chioneke pambali pake, ndi chimene sakufuna kuchiona n'komwe. Mufunsenso amene akhale naye.

Teremu ino kalabu yathu ikukajambula mayi wina wachikulire amene anali mzamba m'mudzi mwawo zaka zambiri. Sabata yatha ndinatuma atsikana awiri kukacheza nawo. Abwera ndi uthenga woti mayiwo mpando safuna. Akufuna akhale pamwala umene uli kuseri kwa khitchini yawo, ndipo ati tifike dzuwa lisanatenthe chifukwa masana amapita kudimba.